Mizere Yofiira ndi Chiuno cha Apongozi

Kuti lero ndili pabanja, ndimayamika Mulungu ndi ba Saidi, telala wa ku Chawama. Nzeru zanga zokha zikanandisiya mbeta.

Nthawi imeneyo ndinkaphunzira ntchito yolemba mapulogalamu pa kampani ina yaing'ono m'tauni. Pofuna kuti anthu a m'komboni adziwe kuti mwana wa kwawo waphunzira, ndinawapangira ba Saidi kapulogalamu. Ntchito yake inali yochepa: kusunga miyeso ya makasitomala, kuwerengera nsalu yofunika, kenaka kutumiza uthenga pa foni ya mwini chovala. Mkuluyo anakalandira mwaulemu, ngakhale ndinkaona kuti kope lake lakale sanalitaye.

Amene ankandiphunzitsa kuntchito, ba Chanda, anali mayi wosanyengerera. Anandionetsa chida china chimene chimayendetsa mayeso a pulogalamu n'kutulutsa lipoti. Mzere wa pulogalamu umene mayeso adutsapo umaoneka wobiriwira, umene sanaukhudze umafiira, ndipo pamwamba pamalembedwa maperesenti.

"Nifuna kuona lipoti ya kapulogalamu kako Lachisanu," anatero. "Vofiila sinivifuna."

Nditayendetsa chidacho, panatuluka 91. Mizere khumi ndi iwiri inali psuu. Munthu wanzeru akanaiwerenga n'kulemba mayeso ake. Ine ndinaganiza motere: ngati mizereyi siikuyenda, ndiye kuti ilibe ntchito (mundikhululukire, ndinali ndi njala komanso chibwenzi chinali chitandizunguza mutu). Ndinaifufuta yonse. Lipoti linabwera lobiriwira ngati dimba la repu, 100 yathunthu. Ndinalijambula n'kuliika pa foni kuti aliyense aone, ndipo ndinapita kukawaikira ba Saidi pulogalamu "yokonzedwayo".

Tsono mizere ija ndi imene inkasintha masentimita kukhala mainchesi. Inafiira chifukwa ba Saidi amayeza ndi mainchesi okhaokha, ndipo mayeso anga onse anali a mainchesi.

Ukwati wanga ndi Misozi unali utayandikira. Mayi ake, amene amakhala ku Chipata, anatumiza pabasi chitenje chimene anachisunga m'sutikesi zaka zambiri, mphatso yomaliza ya malemu amuna awo, kuti chisokedwe diresi lawo la tsikulo. Chinalipo chimodzi chokha. Ine, pofuna kutchuka kwa apongozi, ndinati telala ndimudziwa, ndipo zonse zikhala zamakono. Iwo anadziyeza okha ndi tepi ya masentimita n'kutumiza manambala. Ndinawalowetsa ndekha, ndikuimba kamluzu.

Sipanathe ola, foni inalira.

"Mwana wanga, bwela kuno manje manje," anatero ba Saidi.

Nditafika kushopu ndinapeza Misozi ali kale pomwepo, manja m'chiuno. Chitenje chinali choyala pathebulo, sizasi ili pambali pake. Misozi anandilozetsa foni kumaso. Mayi ake anali atamutumizira uthenga umene kapulogalamu kanga kanawalembera: "Okondedwa Mayi Banda, chiuno chanu ndi mainchesi 112. Nsalu yanu yachepa. Chonde onjezerani zitenje zisanu."

Pansi pake apongozi anali atawonjezera mawu awo: "Umufunse mwamuna wakoyo ngati akukwatira mwana wa munthu kapena wa thanki ya madzi."

"Imwe, ivi ni vichani?" anafunsa Misozi. "Amai sanadye na kudya!"

Ndinayamba kufotokoza za lipoti, za 100, za mizere yofiira. Ba Saidi anamvetsera mpaka kumapeto, akusisita ndevu. Kenaka anatenga buluku limene linali pamakina, n'kulitembenuza kunja kukhala m'kati.

"Ine nikasiliza kusoka, nimadonsa msoko uliwonse," anatero, akukoka apa ndi apo. "Nikapeza wamene sininadonse, nimaudonsa. Iwe unapeza wamene sunadonse, wauchosa. Manje buluku ili na mwendo umozi, iwe uli kuseka ati yapasa mayeso."

Misozi anafuna kusunga mkwiyo koma unamupulumuka, anaseka mpaka kugwira chitseko.

Chimene sindidzaiwala n'chakuti mkuluyo sanadule nsalu ija. Anati atangoona nambala anaika sizasi pansi, chifukwa pa zaka zonse zimene wagwira tepi sanakumanepo ndi chiuno chotero. Anatembenuza tepi yake kumbali ya masentimita, n'kupeza mainchesi 44. Kenaka anawaimbira yekha apongozi, n'kuyankhula nawo Chichewa chofatsa cha kwawo kwa makolo ake ku Mangochi, kuwapepesa ngati kuti wolakwa ndi iye. Dzina langa sanalitchule n'komwe. Ndinaima pakona ngati mwana wa sukulu, misozi ili m'maso.

Lolemba ndinakaulula kwa ba Chanda. Sanakalipe. Anangondikhazika pampando mpaka nditabwezeretsa mizere yonse ndi kuilembera mayeso ake. Mpaka lero ndikaona mzere wofiira ndimayamba ndauwerenga, ndipo ndimauthokoza.

Diresi linawakhala apongozi ngati anabadwa nalo. Pa tsiku la ukwati, titagwada kuti atilangize, ndinali ndi chikhulupiriro chakuti nkhani ija inathera kwa ba Saidi. Apongozi anamulangiza Misozi nthawi yaitali. Atafika pa ine anangoweramira kwa mwana wawo, n'kunena mokweza ndithu kuti ndimve:

"Uwauze amuna ako kuti thanki yawakhululukira."