Sabata Yomwe Kompyuta Yanga Inaiwala Manda

Lolemba

Magetsi abwera teni koloko m'mawa. Waverley yense, dera lathu la muno ku Kadoma, akuthamangira kumasitovu, ine ndikuthamangira ku kompyuta. Anthu timasiyana pamenepo.

Lamlungu likubwerali tikupita ku pulazi ya ku Chegutu komwe ndinabadwira. Mzungu mwini wake anachoka, komboni yathu inabalalika, ndipo mbali yomwe kuli manda athu anapatsidwa a Marimo, omwe kale anali mphunzitsi. Si munthu woipa, koma akufuna kulima mvula isanagwe. Akuti tiike chizindikiro pa mtumbira uliwonse kuti thirakitala izilambalala. Vuto n'lakuti mitumbira inafafanizika kalekale ndi udzu, ng'ombe ndi mvula.

Amene ankadziwa pomwe aliyense wagona anali a Sandikonda, okumba manda a pakomboni. Chaka chatha asanamwalire ndinayenda nawo kumandako masiku atatu, iwo akuloza ndi ndodo, ine ndikulemba: dzina, mudzi wa ku Malawi kapena ku Mozambiki, ndi mapazi angati kuchokera pa mkuyu waukulu. Anthu makumi anayi ndi mmodzi. Atate anga ndi a nambala 17.

Zonsezo ndinaziika mu kompyuta pamodzi ndi zithunzi. Kope lomwe ndinalembamo ndinapatsa akazi anga, mayi a Chisomo, kuti azikulungira matemba pamsika. Mapepala ndi zakale.

Ndondomeko yanga:
1. Kukopera mndandanda ndi zithunzi pa fulashi.
2. Kukasindikiza m'tauni.
3. Kuwerenga mayina kumanda, nditavala jekete lakuda.

Koma fulashi yomwe ndabwereka, kompyuta sikuiona. Sindikudandaula. Fakitale ya nsalu komwe ndinkagwira ntchito itatseka, m'malo mwa malipiro anzanga anasankha mipukutu ya nsalu, ine ndinasankha makina awa, ndipo ndimawadziwa ngati mwana wanga. Pa intaneti m'tauni ndawerenga kuti bolodi lalikulu la mkati lili ndi kapulogalamu kake kotchedwa bayosi, kamene kamadzutsa ziwalo zonse. Kanga n'kakale. Ndabweretsa katsopano pa kadisiketi, ndakalowetsa ndekha, popanda wondigwira dzanja. Kamzera kabuluu kayenda pang'onopang'ono mpaka kumapeto. Kangofika, magetsi azima.

Mwana wa munthu wokonza mapampu apulazi! Atate akanaona!

Lachiwiri

Magetsi abwera masana. Ndayatsa.

Sikirini yakuda bii. Pamwamba mzera umodzi wachingerezi, wonena kuti mulibe disiki.

Ndazimitsa, ndayatsa. Mulibe disiki.

Ndazimitsa, ndamwa tiyi, ndayatsa. Mulibe disiki.

Disiki yaikulu, momwe muli zonse, ilimo. Ndinaiona ndi maso anga tsiku lomwe ndinkapukuta fumbi. Ndalowa mu bayosi yatsopano ija: ikuonetsa tsiku, ikuonetsa nthawi, ikuonetsa ngakhale kutentha kwa mkati. Ndipo fulashi ikuiona! Tsono ntchito yanga ya dzulo yatheka. Ichi chisaiwalike. Kungoti tsopano ndili ndi chotengera, ndilibe chotenga.

Mayi a Chisomo aima pakhomo, mthiko uli m'manja. "Bambo a Chisomo, kadisiketi kamene munabweretsera zatsopanozo, mayina okha sakanakwanamo?"

Ndawauza kuti nkhanizi n'zovuta kufotokozera munthu amene sanaziphunzire.

Akanakwanamo. Kasanu.

Lachitatu

Ndatsegula bokosi. Zomwe ndachita, motsatana, monga katswiri:

Ndazula chingwe chofiira cha disiki, ndachiuzira, ndabwezera. Ndasintha mbali zake. Ndachiika pa bowo lina. Ndasintha chingwe cha magetsi. Ndachotsa kabatire kozungulira ka pabolodi, ndadikira mphindi khumi, kagubudukira pansi pa kabati, ndakatulutsa ndi tsache.

Mulibe disiki.

Ndaika khutu pa disikiyo. Ikuzungulira, ikung'ung'udza pang'ono. Atate ankamvetsera pampu chimodzimodzi, khutu pachitsulo, maso atatsinzina, kenako n'kunena m'Chilapalapa chomwe anaphunzira kumgodi, "Aziko ndaba," palibe vuto. Ine ndatsinzina, ndamvetsera nthawi yaitali. Sindinamve chomwe iwo ankamva.

Malangizo a aneba, omwe sindinawapemphe:
A Phiri akuti ndiyiyanike padzuwa monga amachitira ndi mabatire a wailesi.
Mayi Gondo akuti mayina a akufa saikidwa m'makina, adzichotsa okha.
Mlamu wanga akuti ndiimenye pambali.

Ndaimenya pang'ono onse atachoka.

Madzulo abwera a Jumbe, apampando a bungwe lathu la maliro. Asonkhanitsa zikhomo zachitsulo makumi anayi ndi chimodzi kuchokera ku mpanda wakale, chilichonse achilemba nambala ndi penti yoyera. Akazi awo akonza zophika. Lole yapezeka, dizilo wapezeka, ndipo masiku ano zimenezi n'zozizwitsa. "Mlembi wathu, zikuyenda?" Ndaphimba bokosi ndi nsalu ya patebulo. "Zili m'manja, apampando."

Sindinanama. Sikuludalaiva inali m'manja.

Lachinayi

Magetsi kulibe tsiku lonse.

Ndakhala pakhonde ndi pensulo, kuyesa kukumbukira. Mayina ndapeza khumi ndi asanu ndi anayi, zomwe si zochepa kwa munthu wa msinkhu wanga. Malo ake ndi omwe akukana.

Ndafunsa za kope lija, mosaonetsa kuti ndikulifuna. Mayi a Chisomo atulutsa chikuto ndi masamba awiri. Tsamba limodzi n'lopanda kanthu. Lina lanyowa mafuta, likununkha matemba, pakuoneka "a Lifa, a ku Dedza, mapazi" basi. Ena onse anapita m'makhitchini a Waverley, limodzilimodzi. Mayi a Chisomo andiikira sadza, nsima ya kuno, ndiwo andiikira zambiri kuposa masiku onse. Kukanakhala bwino akanandinyoza.

Ndayesa kuona tsiku lomwe tinaika atate. Ndikuona duku la amayi, lobiriwira. Ndikuona nsapato za a Sandikonda zitaikidwa pambali kuti zisalowe dothi. Ndikumva amayi a pakomboni akuimba, folomani ataima patali akuyang'ana wotchi chifukwa fodya amadikira. Zonsezi zili m'mutu bwinobwino. Palibe amene amawerenga mapazi poika bambo ake.

Lachisanu

Katswiri weniweni amadziwa nthawi yofunsa katswiri mnzake.

Ndachotsa disiki, ndaikulunga m'chitenje, ndaiika m'thumba la pachifuwa. Makombi, maminibasi a kuno, kulibe, ali pamzere wa mafuta. Ndakwera lole ya thonje mpaka ku Chegutu, dzanja lili pamtima njira yonse. Mayi wina wandifunsa ngati ndikupita kuchipatala.

Kuseri kwa sitolo ya mipando kuli kachipinda ka Rudo, mayi wa ana awiri, wokonza makompyuta. Bambo ake anali a pakomboni yathu. Chichewa amamva chonse, kuyankha amayankha m'Chishona. Ndamufotokozera zonse mwadongosolo, ndi mawu oyenera. Wandiyang'ana. "Sekuru, makaibatirei?" Akunditcha agogo, akufunsa chifukwa chomwe ndinaigwirira pomwe imagwira ntchito. Ndamuuza kuti fulashi tsopano ikuoneka. Sanachite chidwi monga ndimayembekezera.

Walumikiza disiki yanga ku kompyuta yake. Yadzuka! Ili moyo! Pa sikirini paoneka dzina lomwe ndinalemba ndekha ndi zilembo zazikulu: MANDA. Ndatambasula chala kuti ndimuonetse.

Magetsi azima.

Tadikira mpaka folo koloko. Rudo akuti agogo ake aakazi nawonso ali m'mndandandamo, ndipo sakudziwa pomwe agona. Akuti ndiisiye, magetsi akangobwera akopera zonse, ndibwere mawa. Ndaisiya. Ndabwerera ndi chitenje chokha.

Loweruka

Magetsi abwera kunyumba m'mamawa, owala ngati akundiseka.

Foni yalira ndikumanga nsapato. Rudo, ali m'basi. Kwawo magetsi sanabwere mpang'ono pomwe, ndiye wapeza mpando m'basi ya ku Botswana kukagula shuga ndi mafuta ophikira, mwayi womwe wadikira sabata ziwiri. Disiki ili bwino, akutero, waitsekera m'kabati. Makiyi ali m'chikwama chake. Abwera Lachitatu.

Ndakhala pansi.

Kenako akuti waganizira vuto langa. Bayosi yatsopano ikalowa imabweza zonse monga zinachokera kufakitale, ndipo nthawi zina mabowo omwe disiki yotere imalumikizidwa amakhala atatsekedwa. Ndilowe patsamba lachitatu, mzera wachinayi, ndisinthe liwu limodzi. Foni yaduka basi ikulowa m'chigwa.

Ndalowa. Tsamba lachitatu, mzera wachinayi. Otseka. Ndatsegula. Sizinathe mphindi ziwiri.

Tsono kompyuta yanga yachira, ndipo ndaichiza ndi manja anga. Panopa ikufunafuna, mwaluso kwambiri, disiki yomwe ili ku Chegutu.

Ndavala jekete, ndapita kwa a Jumbe. Ndanena zonse, kuyambira Lolemba. Ayang'ana zikhomo zawo zoyera zitatsamira khoma. "Dizilo tathira kale," atero. "Tipita."

Lamlungu

Tafika anthu oposa makumi atatu, ena ochokera ku Chakari, ena ku Turf. Mkuyu ulipo. Pomwe panali nyumba yathu pamera nthula.

A Jumbe auza anthu kuti mndandanda wachedwa. Sanatchule dzina langa. Onse andiyang'ana.

Tayesa ndi mitu yathu. Mayi Nangozo akuti amuna awo ali apa. A Phiri akuti apo ndi pa achimwene awo, iwo anakumba nawo. Wina akuti ana ankaikidwa cha kuchulu, wina akuti cha kumsewu. Zikhomo zitatu takhoma n'kuzulanso.

A Marimo aima pambali ndi chipewa m'manja, thirakitala abwereka ya mawa lokha. Afunsa mosakaniza ndi Chishona kuti, "Saka, palibe akudziwa pomwe mandawa akuthera?" Ayenda mu udzumo pang'onopang'ono, akuyang'ana pomwe akuponda. Abwerera. "Ine sindilima pachifuwa cha munthu. Khomani zitsulo zanu mozungulira, kuyambira pamkuyu mpaka kuchulu, mutsike kumsewu. Mkatimo sindilowa."

Malo onsewo! Ndi mndandanda wanga thirakitala ikanadutsa pakati pa mitumbira. Pokhoma zikhomo ndamva mayi wina akuti mwina mlembi anachita dala. Sindinamutsutse. Si ulemu kutsutsa munthu kumanda.

Jekete lakuda ndalikoleka pamkuyu. Mayina sindinawerenge.

Anthu atayamba kudya ndatenga khasu. M'mutu mukubwera manambala awiri, khumi ndi anayi kapena makumi anayi, kulowera kotuluka dzuwa. Ndayenda mapazi khumi ndi anayi, ndapalira, ndagwada, ndawauza atate kuti ana ali bwino, fakitale inatseka, amayi tinawaika ku Kadoma. Ndayenda mpaka makumi anayi, ndapalira, ndagwada, ndanena zomwezo.

Mwina mmodzi mwa awiriwa ndi atate. Mwina onse si iwo. Udzu ndazula bwinobwino, mpaka mizu.