Tsiku Limene Ndinalira Mfumukazi ya Angerezi

Mpaka lero ndikamva lipenga kunja kuli chifunga, thupi limachita tsemwe, kenako manyazi amabwera pambuyo. Ndikuuzani chifukwa chake, koma musafulumire kuseka.

Nthawiyo ndinkagwira ntchito pamgodi wa malasha ku Moatize, koma kwathu ndi ku Zobuwe, kumalire, mbali ya Apwitikizi. Kutsidya, mbali ya Angerezi, kunali mtsikana dzina lake Esinati amene tinadziwana pamsika. Anandipatsa tsiku loti ndikaonekere kwa malume ake, a Matewere, mesenjala wa boma ku Mwanza. Patarau, bwana wa kumgodi, anandilola, ndinakwera kamiyau, lole ija, mpaka kwathu. Mkulu wanga Zuze, woti andiperekeze, ndinamupeza ali gone ndi malungo. Ndinati ndipita ndekha. (Munthu wanzeru akanadikira.)

Unali mwezi wa Juni. M'mawa umenewo chifunga chinatsika m'mapiri mpaka munthu osaona mtengo uli patsogolo pake. Ndinavala kazako, jekete yanga yakuda, n'kuwoloka malire panjira yachidule.

Mudzi woyamba ndinaupeza uli zii. Zitseko zotseka, munsi uli mumtondo, moto ukufuka wokha. Sitolo ya Mmwenye nayo yotseka, pakati pa sabata! Pakhonde lina panakhala mayi wodwala, atafunda nsalu mpaka kumutu.

"Zikomo mayi, anthu apita kuti?"

"Kubwalo," anatero osandiyang'ana. "Za Mfumukazi zija."

"Yatani Mfumukazi?"

"Ndi lero."

Anatsokomola, n'kulowa m'nyumba.

Ndikuyenda choncho ndinamva ng'oma, yolira pang'onopang'ono ngati mtima wa munthu wodwala. M'chifungamo munatuluka ana ovala zoyera, ali pamzere, popanda wolankhula. Kutsogolo kwawo amuna awiri ananyamula chithunzi cha mzimayi wachizungu, wachitsikana ndithu, chisoti kumutu, maluwa atamuzungulira. Podutsa, maso ake anandiyang'ana ine ndekha.

Apa mundimvetse. Kutchalitchi kwathu, munthu wonyamulidwa pachithunzi ndi maluwa amakhala woti anamwalira. Ngakhale tsiku lopuma la Apwitikizi m'mwezi womwewo linali lokumbukira munthu amene anafa kalekale. Ndiye mumtima ndinangoti: kalanga ine, mwana wa eni wapita akadali wamng'ono chonchi.

Ndinawatsatira mpaka kubwalo. Anthu anali namtindi, koma chete. Chithunzi chija anachikhazika pampando wopanda munthu. Pambali panaima mzungu wa boma, zovala zoyera zokhazokha, nkhope yosaoneka bwino, ngati chinthu chotuluka kumanda. Anawerenga mawu a Chingerezi, ine osatolapo kanthu. Lipenga linalira. Amuna anavula zipewa. Apolisi analoza mfuti kumwamba, phuu! Akhwangwala anabalalika, ndipo bata linabwerera loposa poyamba.

Wolira panalibe ndi mmodzi yemwe.

Ndinamuona Esinati pakati pa amayi, atazyolika. Ndinaonanso bambo wamtali wa yunifomu ya khaki ndi kapu yofiira, ndipo ndinadziwa kuti ndiwo a Matewere. Ndinaganiza kuti anthuwa akuopa mfuti. Nanga mkamwini wofika pamaliro n'kungoima ngati chitsa, akuchikazi amuona bwanji? (Mukuona, cholinga chinali chabwino.)

Ndinagwira kumutu, n'kudzigwetsa pansi.

"Mayo ine! Mayi wathu watisiya! Ana ake atsala ndi yani, mayo!"

Mawu anga anakagunda phiri n'kubwerera ngati wina akundiyankha. Ndipo anandiyankhadi. Amayi achikulire a kumbuyo, omwe nawonso Chingerezi sankachimva, anayesa kuti uthenga wa imfa unali m'mawu a mzungu aja. Mmodzi anayamba, wina n'kulandira, posakhalitsa mbali yonseyo inali chiliro. Ana a zoyera aja anataya timbendera tawo n'kuyamba kulira nawo. Mzungu anali atakweza chipewa kuti anthu afuule mokondwera. Dzanja linangouma m'mwamba.

Ndinamva dzanja lolimba pakolala. Anali a Matewere.

"Iwe ndiwe yani?"

"Ndine mlendo wanu uja, bambo, wa ku Zobuwe," ndinatero, misozi ili mbwee. "Pepani ndi zovutazi."

"Zovuta zanji? Wafa ndani?"

Ndinaloza chithunzi.

A Matewere anati: "Mnyamata iwe, lero tikukondwerera kubadwa kwake. Munthuyo ali moyo, akumwa tiyi kwawo. Ukufuna undichotsetse ntchito?"

Anandikokera kwa mzungu uja, n'kufotokoza ataima njo. Mawu amene ndinamva anali akuti "Potugizi" basi. Mzunguyo anangogwedeza dzanja ngati akuingitsa ntchentche. Kutontholetsa amayi aja ndiye kunavuta. Wina anakana, akuti boma likubisa.

Chifunga chitachoka, bwalo linasanduka lina. Kunali mipikisano yothamanga, kukokana chingwe, magule, nyama ya ng'ombe. Ine ndinakhala kuseri kwa mtengo, kazako ili fumbi lokhalokha. Esinati anandibweretsera madzi, n'kuwaika pansi, mapewa akugwedezeka. Sindinafunse ngati kunali kulira kapena kuseka.

Madzulo, pokambirana, a Matewere anandiuzanso china: Mfumukaziyo sinabadwe n'komwe tsiku limenelo. Inabadwa mwezi wina, tsiku ili ndi longoikidwa ndi boma.

"Ndiye kuti inabadwa kawiri, bambo?"

"Usayambenso," anatero.

Anandiuza kuti ndidzabwere ndi akuluakulu akwathu, aone ngati tonse tili choncho. Ukwati unachedwa chaka chathunthu, koma unachitika. Kuchikazi konse dzina langa lenileni palibe amene analitchulapo. Ndine Anamfedwa mpaka lero, ndi adzukulu omwe.

Kuyambira pamenepo, pagulu sindiyamba kanthu ena asanayambe. Moti patapita zaka, a Matewere atamwalira, ndinaima pakhomo la siwa maso ali gwaa, ndikudikira kuti nditsimikize. Esinati anachita kutuluka m'nyumbamo, n'kundikodola ndi chigongono.

"Lirani tsopano, bambo," ananong'ona. "Awa ndi enieni."