Njinga Yanga Inafika Kumudzi Ine Ndili ku Joni

Abale, pa nkhani yokhoma njinga, mu Pitoliya muno palibe amene angandiphunzitse. Ndipo Mulungu andikhululukire, ndinkawaseka anzanga akaberedwa, ndinkati ndi ulesi wawo. Tcheni changa anandidulira mnzanga wa ku fakitale ku Rosslyn, chonenepa ngati chomangira ng'ombe, loko wake ngati chibakera. Njingayo ndiyo miyendo yanga, imandifikitsa ku Waterkloof komwe ndimasamalira maluwa, ndiye sindichita nayo masewera.

Loweruka lina ndinapita ku Marabastad kukagula nsapato zogwirira ntchito. Ndinayamba kufufuza pokhoma. Pamtengo wa chikwangwani? Ayi, waufupi, akuba amangoinyamula n'kutulutsira pamwamba. Pawaya? Amadula. Kenako ndinaona chitsulo chochindikala chitatulukira pansi pa mulu wa katundu wofundikidwa lona. Ndinachigwedeza, chili nji! Ndinati eya, ichi ndiye.

Ndinapisa tcheni m'felemu, m'tayala lakumbuyo, lakutsogolo, n'kuzunguliza pachitsulopo, khe! Pafupi panali amayi ena akwathu ogulitsa usipa.

"Achimwene, pamenepo…"

"Amayi, khalani phee muphunzire," ndinawadula. "Mukawauze bambo akunyumba kuti njinga timakhoma chonchi."

"Chabwino aphunzitsi," anatero, n'kumapitiriza kuingitsa ntchentche.

Nsapato ndinagula, ndinakumananso ndi anzanga, macheza mpaka dzuwa kupendeka. Pobwerera, eish! Njinga palibe, chitsulo palibe, mulu wonse uja palibe. Ndinakuwa, "Wakuba! Azula ndi chitsulo chomwe!" Anthu anaunjikana, wina wa matakisi anafika atanyamula chikwapu, akufunsa m'Chizulu kuti wathawira kuti. Amayi aja misozi ili mbwee ndi kuseka.

"Aphunzitsi, inali ngolo ya Che Saidi, opititsa katundu ku Mangochi. Anyamata awo aona njinga yomangidwa bwino, ayesa ndi yotumiza, aikweza pamwamba. Galimoto yakoka kalekale."

Mukanakhala inu mukanayang'ana kuti? Amayiwo anandipatsa nambala ya Che Saidi, ndinaimba.

"Che Saidi, mwanditengera njinga!"

"Ndakutengerani kapena mwandikwezera? Ndadutsa kale Polokwane ine, sindibwerera. Tikafika tidula tchenicho, mutiuze woti timupatse."

Ndinawauza kuti akazi anga ali ku Liwonde, panjira pomwe. Mtima unkawawa, koma ndinati bola ikatumikire ana.

Masiku otsatirawo ndinkadzuka nkhuku zisanalire, takisi theka, miyendo theka, kufika kuntchito thukuta lili kamukamu, abwana akungoyang'ana wotchi. Kenako foni inalira, anali Che Saidi ali ku Liwonde.

"Achimwene, tcheni chimenechi munachitenga kuti? Sowo yatha mano, nyundo yaguluka mpini. Wowotcherera zitsulo akuti magetsi azima. Kiyi ali kuti?"

"Ali m'thumba mwangamu."

Ndisaname, pamenepo ndinamwetulira ndekha pakati pa maluwa a abwana. Zimbabwe yonse, Tete, Mwanza, mabampu onse aja, amuna ndi zida zawo, loko wanga osagonja!

Choncho njinga inabwerera ku Joni ili pangolo pomwepo, yofiira ndi fumbi, pakaliyala atamangapo thumba la mpunga la munthu wina. Ndinatsegula pamaso pa anthu ndi kakiyi kanga, khe, amayi a usipa akuimba nthungululu.

Madzulo ake akazi anga anaimba foni.

"Bambo a Chisomo, njinga yanu tinaiona, ana anaigwiragwira, ndi yokongola. Yayesetsa, yabwera kudzationa popanda ndi pasipoti yomwe. Nanga eni ake mubwera liti?"

Ndinangoti netiweki ikuvuta.

Tcheni sindinasinthe ndipo sindidzasintha. Koma masiku ano mukaona bambo atagwada pa Marabastad akusuzumira pansi pa chitsulo, musaganize kuti akupemphera. Ndine, ndikuona ngati chili ndi matayala.