Nkhanu m'Kabakuli ka Shuga

Anzanga, ndikuuzeni zimene ndinachita pa tsiku lokumbukira kubadwa kwa amayi anga, koma mulonjeze kaye kuti simuseka mpaka ndimalize. Kapena basi, sekani, inenso ndimaseka ndikakumbuka, ngakhale tsikulo ndinkalakalaka pansi patang'ambika n'kundimeza ndi masilipasi omwe.

Ine ndinaleredwa ndi agogo, amayi awo a amayi anga, ku Chingale mpaka zaka khumi ndi chimodzi, pamene amayi anandiitanitsa kuno kutsidya kwa nyanja, ku Thamesmead. Agogo anali munthu wa ndagi. Pa mzere wa kuchigayo ndagi, pochapa ndagi, ngakhale pokutuma mchere ankayamba ndi "Ndagi!" iwe n'kuyankha "Gize!" kenako uzivutika wekha kuti akufuna chiyani. Ukalephera unkawapatsa mudzi kuti akuuze yankho, ndipo ankakana midzi yonse. Blantyre ayi, kuli phokoso. Lilongwe ayi, kuli fumbi. Ankalola pokhapokha ukawapatsa Chingale yemweyo amene akhalamo kale. Nditabwera kuno ndagi zinapitirira pa foni Lamlungu lililonse, khadi la foni likutha iwo akukanabe midzi ya kuno ngati Barking.

Agogo anamwalira mu Febuluwale. Amayi sanapite kumaliro chifukwa mapasipoti athu anali asanabwere kuchokera kokonzetsa viza. Ndipo sanalire, ngakhale kadontho. Anangovala yunifolomu yawo ya unesi n'kupita ku shifiti. Chimene chinasintha n'chakuti akaweruka ankakhala pawindo loyang'ana kumtsinje, kapu ya tiyi m'manja ataivundikira ndi sosa, n'kumangoiyang'ana mpaka tiyi kuzizira. Ukawafunsa, "Ndili bwino, pita ukawerenge."

Ndiye tsiku lina kusukulu, nthawi ya chakudya, mnzanga Gemma anatulutsa makadi a azakhali ake, aja amati taroti. Ine ndinali ndisanawaonepo. Akuwayala patebulo, akundiuza kuti muli mabanja anayi, la zikho, la malupanga, la ndodo ndi la makobidi, ndipo banja lililonse lili ndi mfumu yake, mfumukazi, wapakavalo ndi wamthenga. Ine maso anangokodwa pa khadi limodzi. Mzimayi wakhala pampando wachifumu m'mphepete mwa madzi, timiyala tosalala kumapazi, m'manja wagwira chikho chachikulu chovundikira, ndipo sakuyang'ana nyanja, sakuyang'ana kumwamba, akungoyang'ana chikhocho. Amayi anga enieni! Kungosiyana khungu ndi chisoti.

"Ameneyo ndi Mfumukazi ya Zikho," anatero Gemma. "Tenga, makadiwa ndi operewera kale, galu anadya awiri."

Tsopano inu mukudziwa kale kuti mwana wa mkhristu wa ku Malawi akapatsidwa chinthu chotere amayenera kuthawa. Ine? Ndinapita ku laibulale, n'kulembetsa ola la kompyuta, n'kuwerenga mpaka maso kuwawa. Akuti pa mafumu ndi mafumukazi onse aja, chikho chovundikira n'cha iyeyu yekha, kutanthauza munthu amene zakukhosi kwake amazisunga m'kati. Akuti ndi mayi wachifundo, wosamalira odwala ndi osweka mtima, amene amamva ululu wa ena asananene. Akuti ndi wa madzi, ndipo ambiri amamugwirizanitsa ndi nyenyezi za Nkhanu, za anthu obadwa kumapeto kwa Juni mpaka cha m'Julaye, zimene amati zimalamulidwa ndi mwezi. Amayi anabadwa liti? Mu Julaye! Ndinakuwa mu laibulale mpaka bambo wina wa nyuzipepala anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. Zoti anthu amawombezera makadi amenewa ndinaziwerenga ndithu, koma zinangodutsa. Kwa ine inali ndagi basi, ndagi yojambula, ndipo ndinali nditaipeza yankho.

Pulani yanga ya tsiku lawo lobadwa inali yabwino, ndikulumbira. Kumbuyo kwa khadi ndinamata kapepala n'kulembapo kuti "Uyu ndinu," osasaina dzina kuti akhale akuganiza. Ndinaliika m'Baibulo lawo, pa tsamba la kachingwe, poti m'mawa uliwonse amatsegula pamenepo. Kenako ndinatsikira kumtsinje madzi ataphwa kukatola timiyala tonga ta pakhadi, ndipo mwayi wake, pamatope panali nkhanu yakufa, yonse bwinobwino ndi zala zake. Ndinati Mulungu wandikonda. Ndinaitsuka ndi sopo wa mbale, n'kuiumitsa pawindo. Tsopano chikho chovundikira ndichipeza kuti? M'nyumba monse munali kabakuli ka shuga kokha, kamaluwa, ka alendo. Shuga ndinakhuthulira m'pepala, n'kuikamo timiyala, nkhanu pamwamba, kuvundikira, kubwezera m'kabati. Ndinkati akapeza khadi, ine ndibweretsa kabakuli, ndiwafotokozera zonse, iwo atsegula, mwina amwetulira.

Chimene ndinaiwala n'chakuti Loweruka limenelo, tsiku lawo lobadwalo, inali nthawi yathu yolandira amayi a mapemphero a kutchalitchi, ndiponso kanali koyamba kuti amayi apatsidwe kugawa mawu. Anali atakonzekera milungu iwiri. Amayi amenewa ndiwo abale athu kuno, ndiwo anabwera kudzakhala nafe uthenga wa maliro utafika. Ndipo m'mawa umenewo amayi anafika otopa kuchokera ku shifiti, anangogona, Baibulo osalikhudza.

Pofika 2 koloko pabalaza padzaza, nsapato mulu pakhomo, ena achokera ku Edmonton mabasi atatu. Amayi Busa, akazi a abusa athu, akhala pampando wabwino uja. Pambali pawo Anti Mutinta, a ku Lusaka, amene mawu awo amamveka mpaka pa siteji ya basi. Ine ndili kukhitchini ndikudula keke, ndikumva nyimbo yatha, amayi anga akuti, "Tiyeni titsegule mawu." Mpeni unandigwa m'manja. Ndinathamangira pakhomo la pabalaza, koma mochedwa. Khadi linatsetsereka, linazungulira m'malere ngati tsamba, n'kukatera pamiyendo pa Amayi Busa, nkhope m'mwamba.

Maso onse anatembenukira pomwepo.

Anti Mutinta anasuzumira, n'kudumpha. "Awe! Ivi ni vinthu va mu madzi ivi! Onani tuma nsomba pa mupando! Amake Tadala, mwavichosa kuti?"

"Sindikuchidziwa," anatero amayi.

Amayi Busa anatembenuza khadi ndi nsonga ya cholembera, n'kuwerenga mokweza, "Uyu ndinu." Eee, pamenepo m'nyumba munaphulika. Wina akuti pali wansanje kuntchito, wina akuti ayi, zinthu zotere sizilowa m'nyumba zokha, mwini wake amakhala watsegula khomo. Mawu amenewo ndinawamva bwinobwino, ndipo amayi anawamvanso. Anangoima pakati, Baibulo m'manja, nkhope yagwa, amayi ena awiri akusuntha zikwama zawo kuziika pamiyendo. Mungatani inu? Ndinalowa.

"Ndine ndinaika."

Ndikanathera pomwepo, ndikanangopepesa. Koma ine, mwana wa laibulale, ndinaganiza kuti ndikawafotokozera bwino amvetsa.

"Si zoipa ayi, Amayi Busa. Ameneyu ndi Mfumukazi ya Zikho, ndi wa madzi."

"Mwamva? Nakamba ine!" Anti Mutinta manja m'mutu.

"Ayi anti, madzi ake si amenewo, ndi a nyenyezi. Mum anabadwa pa Nkhanu, ndiye amalamulidwa ndi mwezi."

"Amalamulidwa ndi chiyani?" anafunsa Amayi Busa pang'onopang'ono, akuvula magalasi.

"Ndi mwezi. Agiriki akale ankati mwezi ndi mulungu wamkazi, komanso panali mulungu wamkazi wina amene anatuma kankhanu kuti kakalume phazi la ngwazi ina imene inkamenyana ndi chinjoka cha mitu yambiri, ndiye ngwaziyo inakaponda kankhanuko, koma poti kanali kokhulupirika anakaika kumwamba kukhala nyenyezi, ndiye..."

Kodi munaonapo amayi khumi ndi awiri akuyamba kupemphera nthawi imodzi popanda wowauza? Milungu iwiri yaikazi ndi chinjoka cha mitu yambiri, zonse m'mpweya umodzi, pamaso pa Amayi Busa! Wina anandigwira pamutu, wina paphewa, keke yonse ili m'zala zanga. Ine ndikuyesabe kunena kuti chinjokacho sichikukhudzana ndi amayi, koma ndani akumva?

Patapita kanthawi Amayi Busa anakweza dzanja. "Tiyeni tikhale pansi, mitima itsike. Mwana ndi mwana. Mayi Mutinta, tathirani tiyi." Anti Mutinta, poti nyumba yathu amaidziwa ngati yawo, anapita okha kukabati. Ine ndinawaona akubwera ndi thireyi, kabakuli kamaluwa kali pakati. Anathira tiyi wa Amayi Busa, anafunsa, "Masupuni angati?" n'kuvundukula.

Anzanga, nkhanu ija inali itakweza zala zonse ziwiri ngati nayonso ikupemphera.

Kukuwa kwake! Supuni inakagunda wailesi yakanema, tiyi pa kapeti, mayi wina anakwera pa sofa ndi nsapato za tchalitchi, Anti Mutinta ali kale pakhonde akuitana dzina la Yesu m'zinenero zitatu. Ine ndinangoti khwaa pansi, n'kuphimba kumaso. Ndinadziwa kuti ndawaonongera amayi tsiku lawo, mawu awo, ndi dzina lawo lomwe.

Kenako ndinamva amayi anga akugwada patsogolo panga. Sanakalipe. Anangoti, motsitsa, "Tadala, mwanawe, chifukwa chiyani?"

Mawu onse a ku laibulale anali atandithera. Chinatsala ndi chimodzi chokha, ndipo chinatuluka chokha.

"Ndagi."

M'nyumba mwathu mawu amenewo anali asanamvekemo chichokere Febuluwale. Amayi anandiyang'ana.

"Gize," anatero.

"Kunja chigoba, m'kati madzi okhaokha. Amapukuta misozi ya anthu onse, koma kapu yake savundukula."

Anayang'ana khadi lili pansi, mzimayi uja ndi chikho chake, anayang'ana pawindo pamene amakhala. "Ndalephera."

"Ndipatseni mudzi."

"Tenga Barking."

"Ndakana, kuli masitima."

Kunamveka kakuseka kwinakwake kumbuyo. "Tenga Edmonton."

"Ndakana, n'kutali."

Amayi anapuma kwambiri. "Tenga Chingale," anatero, koma dzinalo silinathe bwino, linaduka pakati, ndipo kulira kumene kunatuluka sindinakumvepo chibadwire. Anali kuitana, "Amayi anga ine, amayi anga ine," ngati uthenga wangofika kumene. Amayi Busa anatsika pampando wabwino uja, n'kukhala pa kapeti yonyowa ndi tiyi, n'kuwakumbatira. Amayi ena onse anatsikanso pansi, miyendo yotambasula ngati kusiwa, wina anayambitsa nyimbo ya maliro motsitsa, ndipo tinawalira agogo bwinobwino, miyezi isanu atawaika. Anti Mutinta anabwerera kuchokera pakhonde, analira kuposa tonse, koma anakhala kutali ndi kabakuli.

Yankho la ndagi sindinanene. Palibe anafunsa.

Musaganize kuti ndinapulumuka. Potsanzika Amayi Busa anandikokera pambali, maso ofiira, n'kunena kuti, "Mtima wako ndi wabwino, koma mutu wako tiupempherera. Khadili Lolemba libwerere kumene linachokera. Ndipo chaka chamawa ungowalembera kalata mayi ako, ngati ana a anzathu." Nkhanu anainyamula okha ndi pepala, dzanja atalitambasula kutali, mpaka ku bini ya panja.

Anthu atapita, ndikukolopa kapeti, ndinawapeza amayi atatola khadi lija akuliyang'anitsitsa. Ndinati basi, tsopano ndiye mlandu wayamba. Iwo anangopukusa mutu. "Ndiye ukuti ameneyu ndine? Kuonda chonchi? Mkazi ameneyu sangatembenuze wodwala pabedi." Anaseka mpaka kutsokomola, n'kundibwezera. Masiku ano amavundikirabe tiyi wawo ndi sosa, akuti kuno kumazizira msanga, koma amandiitana kuti ndikhale nawo pawindopo, ndipo nthawi zina amayamba okha, "Ndagi!"

Khadi ndinabweza Lolemba. Gemma anafunsa ngati amayi analikonda, ndinati analira, iye n'kuti, "Aaa, zokoma bwanji," ndipo ndinangozisiya choncho. Anti Mutinta mpaka lero akamabwera kwathu amanyamula shuga wawo m'chikwama. Ine ndinalumbira pamaso pa keke yotsala kuti sindidzaikanso kanthu kalikonse m'Baibulo la munthu, ngakhale tikiti ya basi, ndipo ndikadzaonanso nkhanu yakufa kumtsinje, ndidzangoipatsa moni n'kudutsa.