Amayi Khumi Pofika Lamulungu

Lolemba

Ndikulemba kumapeto kwa kope la bambo a Esinati, masamba amene sawagwiritsa ntchito. Ndilibe womuuza. Iwo anyamuka m'mamawa kupita ku Chitala kukatenga masileti ndi mabuku a sukulu, abwera Loweruka. Ndatsala ndekha ndi mwana wathu Esinati, wa miyezi isanu, kuno ku Lifuwu, kumene tangokhalako masiku asanu ndi anayi.

A mishoni anatituma awiri. Iwo kuphunzitsa ana, ine kusonkhanitsa amayi. Lamulungu kukubwera a Mlaliki Chimbalanga panjinga kudzaona. Anatiuziratu potsazikana: akapanda kupeza amayi khumi pansi pa mtengo, ndiye kuti malo ano sanapse, sukulu atseka, bambo a Esinati abwerere kukhasu. Zaka zitatu akuphunzira uphunzitsi. Ndiye zithere pa ine?

Zimene ndikuopa:
nyanja, ilibe tsidya
ng'ona
udzudzu pa mwana
kuyankhula anthu akundiyang'ana

Zimene ndili nazo:
buku la nyimbo
singano zisanu ndi imodzi
tiyi ndi shuga, anandipatsa Dona wa kumishoni
chidutswa cha njanji, ndiye belu lathu

Dona anatiphunzitsa dongosolo lake: tiyi patsogolo, singano pakati, Mawu a Mulungu pambuyo. Kwathu ku Dedza zimatheka. Ambuye, munaitanadi ine, kapena munkaitana wina ine n'kuyankha?

Lachiwiri

Ndayenda khomo ndi khomo, Esinati kumsana. Mchenga ukuotcha mapazi. Ambiri kuno ndi Asilamu, anthu aulemu, aliyense kundiyalira mphasa. Onse akuti, "Tamva, mayi." Ndawerenga khumi ndi anayi!

Koma ndaona zomvetsa chisoni. Dzuwa lili paliwombo, m'mudzi utsi mulibe. Kupatula ana, palibe amene ndamuona akutafuna kanthu. Amayi milomo ili gwa. Nsomba zili mbwee pathandala, zikhala kuti zonse n'zogulitsa. Ndi njala imeneyi, akudzimana kuti ana adye, akubisa chifukwa cha manyazi.

Ndalira pobwerera, koma mtima walimba. Tsopano ndadziwa chimene ananditumira kuno. Ndaphika zikondamoyo ziwiri zazikulu, shuga osaumira.

Lachitatu

Ndaimba njanji masana. Abwera asanu ndi mmodzi. Ndathira tiyi, ndaduladula chikondamoyo, ndapemphera, ndatsegula maso. Palibe watambasula dzanja.

Ndaganiza kuti akuopa mwina mlendo wathiramo mankhwala. Ndiye ndayamba kudya ndine kuti aone. Chidutswa choyamba. Zii. Chachiwiri ndatafuna mochita kumveka, n'kumanena kuti chikukoma. Tiyi ndamwa makapu awiri. Chidutswa chachitatu ndayenda nacho kuchifikitsa pamphuno pa aliyense. Mayi wina wachikulire watembenuka n'kundipatsa msana. Kenako anyamuka mmodzimmodzi, kutsazika bwinobwino.

Atsala anansi anga a Abiti Yusufu, akazi a msodzi, a ana anayi. Andifunsa:

"Amake Esinati, kumishoni kwanuko sanakuuzeni? Uno ndi mwezi wa Ramadani. Tikusala. Kuyambira m'bandakucha mpaka dzuwa kulowa, ngakhale dontho la madzi."

Ine chikondamoyo chili m'kamwa. Kumeza kukanika, kulavula kukanika.

Zikondamoyo zotsala: chimodzi ndi theka. Amayi otsala: kaya.

Lachinayi

Tiyi ndasiya. Lero singano. Abwera awiri, a Abiti ndi alamu awo. Ndawaonetsa kapindidwe ka nsalu monga anationetsera Dona. A Abiti atenga kamalaya ka Esinati kamene ndinasoka ndekha, aphwasula msoko wanga wonse, asokanso. Kuwongoka ngati wa makina. Kani mchimwene wawo ndi telala ku Chipoka, anakulira pa singano.

Ndathawira ku Mawu. Poti ndi anthu a kunyanja ndasankha nkhani ya Yesu kudyetsa khamu ndi mikate isanu ndi nsomba ziwiri. Ndili pakati, mimba ya alamu aja yalira. Afunsa ngati nsombazo zinali chambo kapena kampango, akuti akakhala kampango wamkulu nkhaniyo ikumveka. Ndasintha msanga, ndanena ya Yesu kusala masiku makumi anayi m'chipululu. Iyi aikonda. Akuti Yesu amamudziwa, kwawo ndi Isa, mneneri wamkulu. Kenako a Abiti:

"Nanga inu ophunzira ake mumasala masiku angati?"

Ndatsegula buku la nyimbo. Yankho mulibe.

Ndaganiza. Mawa ndisala nawo. Akaona kuti nanenso ndimatha, Lamulungu abwera. Ambuye, Inu makumi anayi, ine limodzi lokha. Mundigwire.

Lachisanu

Zilembo zikukhota lero.

M'mawa zinali bwino. Ndatunga madzi, ndachapa nsanza za mwana, ndauza aliyense pachitsime kuti ndikusala.

Masana ndaimba njanji kwambiri. Palibe wabwera. Kani Lachisanu ndiye tsiku lawo lalikulu la mapemphero, ndaimba anthu ali pakati pa swala mumzikiti. A Shehe atumiza mawu aulemu, kufunsa ngati kwathu kwabuka moto.

Kenako Esinati. Kuyamwa n'kusiya, kuyamwa n'kulira. Bere lafota. Ndamugwira paliwombo, ndikuona ngati palowa. Mayi anga ankati liwombo la mwana likalowa... ayi, sindilemba. Ndadzuka kuti ndithamangire kwa a Abiti, ndaona mdima, ndagwa pakhonde. Mwana anali pamphasa. Zikomo Ambuye, anali pamphasa.

Ndatsitsimuka a Abiti akundiwaza madzi kumaso, uku akundikalipira ngati mwana wawo. Akuti woyamwitsa amaloledwa kudya ngakhale kwa iwo, amadzabweza masikuwo mwana akakula. Akuti wandiuza zopusazi ndani. Akuti Mulungu safuna njala ya khanda, kaya ndi wa kumzikiti kaya ndi wa kutchalitchi.

Aphika phala pamoto wanga, iwo ali ndi njala yawo, osalawa. Mchere wachuluka zoopsa. Ndamaliza lonse, ndanyambita chipande.

Mkaka wabwera. Mwana wayamwa, wagona. Liwombo lili bwino. Ndaligwira kakhumi.

Loweruka

Mbiri yafika mudzi wonse, yoti mkazi wa aphunzitsi anasala theka la tsiku n'kugwa. Kuyambira m'mawa amayi kubwera kudzandizonda. Wina mtedza, wina usipa, wina chinangwa chachiwisi akuti chimabweretsa mkaka. Akhala pansi pa mtengo womwe uja, akupatsirana Esinati. Mayi wachikulire wondipatsa msana uja akuonetsa anzake mmene ndinkatafunira Lachitatu, mpaka kuyenda nacho chidutswa pamphuno. Akutha kwambiri. Ndaseka nawo, nditani.

Ndawerenga chamumtima. Khumi ndi atatu! Loweruka!

Ndaimirira, ndaimba nyimbo imodzi. Amvetsera mpaka kumapeto. Wina akuti mawu ndili nawo koma ndizidya kaye. Ndawapempha, kugwada ndithu, kuti abwerenso mawa, angokhala chonchi basi, ngakhale kundiseka. Ndawauza za sukulu, za bambo a Esinati. Amva chisoni. Koma a Abiti akuti zili kwa mwezi. Ukaoneka lero, kusala kwatha, mawa ndi Idi, chikondwerero chawo, aliyense ali ndi mpunga wophika ndi alendo olandira. Ukapanda kuoneka, abwera onse.

Chibadwire sindinapempherepo mitambo nyengo yachilimwe. Lero ndapempha. Kenako ndachita manyazi, anthu asala mwezi wathunthu ine n'kumawapemphera tsiku lina la njala. Ndapemphanso chikhululukiro. Koma pempho loyamba lija sindinalibweze.

Bambo a Esinati afika ndi masileti pamutu. Afunsa kuti zayenda bwanji. Ndati bwino, pang'ono.

Lamulungu

Kumwamba kunali mbee. Mwezi unaoneka.

Kwacha ndi nyimbo, mudzi wonse watchena zatsopano. Ndaimba njanji, palibe ndi woimva yemwe. A Mlaliki afika thukuta lili kamukamu, atsamiritsa njinga, akhala pansi pa mtengo, atulutsa buku. Opezeka: ine, bambo a Esinati, Esinati. Tapemphera, taimba. Ndawaona ndi maso anga akulemba: Amayi, mmodzi. Mmodziyo ndine.

Bambo a Esinati akungoyang'ana masileti awo atsopano. Ndaulula zonse, za tiyi, za njanji ya Lachisanu, za kugwa, za khumi ndi atatu a dzulo. A Mlaliki akuti dzulo salemba m'buku.

Tili chomwecho mbale zayamba kufika pakhonde. Mpunga ndi nyama ya mbuzi. Wobweretsa sakhala, angoika n'kunena, "Za amake Esinati, adye mwana ayamwe," n'kuthamangira alendo ake. Ine misozi ili m'maso, iwo afunda nsalu zatsopano mpaka kumutu, sindikuwazindikira. Mbale zisanu ndi zinayi. Ngakhale mbale sizinakwane khumi.

A Mlaliki adya ziwiri. Posamba m'manja akuti mphunzitsi amene analipo ife tisanabwere anakhala miyezi iwiri, sanapatsidwepo ndi kausipa komwe.

"Amayi khumi sindinawapeze. Koma lero sinditseka. Ndibweranso mvula ikagwa, ndipo pamenepo khumi ndithu, amayi, osati mbale."

Akwera njinga movutikira, apita.

Ndiye tikhala. Bambo a Esinati akuimba mluzu, akufoletsa masileti. Ine sindikudziwa ngati ndakondwa. Ambuye, ngati ndi mmene mumagwirira ntchito, muziyamba mwandiuza.

Mbale ndatsuka, zili pakhonde. Sindikudziwa iyi ndi ya yani, iyo ndi ya yani, ndipo mbale ya eni sabweza yopanda kanthu. Mawa ndikafunsa a Abiti. Akandikalipira, koma akandiuza.