Mofati Wometa ndi Khadi Lokakamira Kudenga

Inu amene mumati mukagula chinthu mumayamba mwachithyola kenako n'kumafufuza kagwiritsidwe kake, sendezani mipando kuno. Mwambi uja ndimakunenerani kawirikawiri unayamba motere.

Pamsika wina kwathu kuno panali wometa tsitsi dzina lake Mofati. Kumeta ankatha ndithu, koma anali ndi nthenda imodzi: sankafuna kuti munthu amuone akufunsa. Ngakhale wodzameta sankamufunsa kametedwe. Unkangokhala pampando, podzuka uli ndi mpala, iye n'kumati, "Imeneyi ndiye yakukhalani."

Mofatiyu anali atafunsira Esinta, mtsikana wogulitsa zitenje, ndipo Esinta ankangoti aganize kaye. Akuganiza choncho, kunafika Lingisoni, mnyamata amene anapita ku Joni n'kubwerako ndi jekete lachikopa ndi paketi ya makhadi. Sankatchova juga ayi, ankangosangalatsa anthu. Munthu ankasankha khadi, kulembapo dzina lake, n'kulibwezera pakati pa anzake. Lingisoni ankatsokomola pang'ono, kumanga paketiyo ndi kamphira, n'kuiponya m'mwamba. Paketi inkabwerera m'manja mwake, koma khadi la dzina lija linkatsala litakakamira kudenga.

"Si ufiti uwu, abale," ankatero Lingisoni. "Ndi manja chabe. Wofuna kudziwa andifunse, ndimuonetsa."

Tsiku lina anachita zimenezi mugolosale, Esinta n'kuwomba m'manja mpaka chitenje cha pamapewa chinagwa. Mofati nsanje inamugwira.

"Zachibwana izi," anatero mokweza. "Ineyo ndinazisiya kalekale."

"Inu a Mofati mumatha?" anafunsa Esinta.

"Paukwati wa achimwene ako mwezi wamawa ndidzakweza dzina lako kudenga la holo, abale ako onse akuona."

"Mukadzatero," anati Esinta, "yankho lanu mudzalimva tsiku lomwelo."

Mofati anagula makhadi ake n'kuyamba kuphunzira yekha. Kusakaniza kokha kunamutengera sabata, makhadi akumwazika m'tsitsi la anthu pansi. Akawaponya kudenga ankabwerera onse, ena kumaso kwake. Lingisoni atadzameta anaona khadi lili pansi pa mpando.

"Achimwene, mwayamba makhadi? Bwerani madzulo ndikuonetseni, sizichedwa."

"Ndimapukutira lumo amenewo," anayankha Mofati.

Kufunsa anakana, koma kusuzumira sanakane. Loweruka Lingisoni akukonzekera masewera ake kuseri kwa golosale, Mofati anabisala kuseri kwa matumba a makala. Anamuona akutulutsa kachitini, kutsina kanthu kachikasu kochepa ngati njere ya mapira, n'kukaika mkamwa. Lingisoni atalowa mkati, Mofati ananunkhiza kachitini kaja: phula la njuchi.

Mofati anabwerera akuvina. Anati wagwira chinsinsi, mphamvu ili m'phula, ndipo munthu akalidya makhadi amamumvera. Chimene sanaone n'chakuti Lingisoni ankangolifewetsa mkamwa phulalo. Potsokomola paja ankalitulutsira pachala n'kulimata kumsana kwa khadi. Mofati anaona polowera pokha, potulukira sanadikire.

Anapita kwa a Chadzunda, mlimi wa njuchi, n'kugula phula lodzaza chibakera.

"Lonseli mukasoke nsapato zingati, mwana wanga?" anafunsa mkuluyo.

"Za akatswiri izi, madala."

Anayamba ndi kanjere. Anameza, anaponya, makhadi anagwa. Munthu wina akanakayikira mankhwalawo, koma Mofati anakayikira muyeso. Anati Lingisoni ndi wowonda, iye ndi wathupi, ndiye ayenera kuwonjezera. Anafika pa mtedza, kenako pa dzira la nkhunda, m'mawa ndi madzulo monga mapiritsi a kuchipatala. Mimba inauma gwa. Kuchimbudzi ankapitako ngati mlendo wongodzaona malo. Koma iye anakondwa, amvekere mphamvu yayamba kukhazikika.

Tsiku la ukwati holo inadzaza. Pelekanipelekani ali mkati, Mofati analanda chimkuzamawu nalengeza kuti anthu aona zimene Joni sanazionepo. Esinta anasankha khadi, analembapo dzina lake, nalibwezera. Ndikuuzeni zoona, mtsikanayo ankafuna kuti zitheke. Ankamukonda wometayo, kungoti ankaopa liuma lake.

Mofati anatembenuka, anatulutsa phula lonse lotsala, naliponya mkamwa kuti zikhale zotsimikizika. Linakana kutsika. Linagwira mano akumwamba ndi akumunsi ngati ulimbo, ndipo atafuna kunena mawu a matsenga amene anawakonza, kunangotuluka kung'ung'udza. Za kamphira sanaganizeko n'komwe. Anangoponya paketi yonse ndi mphamvu ya mwezi wathunthu.

Makhadi anavumba holo yonse. Ena anagwera mukeke, ena m'malichero a ndalama, ndipo limodzi linatera pamwamba pa Baibulo la mkulu wa mpingo amene mlungu womwewo anali atalalikira zoletsa juga. Kudenga kunalibe kanthu koma ukonde wa kangaude. Mofati anakweza dzanja kuti afotokoze, mimba inamupota, n'kukhala pansi pakati pa holo atagwira mchombo, masaya ali tutumu.

Azakhali a mkwati anayamba kunong'ona kuti wabwezeredwa mankhwala ake. Lingisoni ndiye anagwada, anamutsegula kukamwa ndi supuni, n'kuvundukula chiphula chija.

"Achimwene, mumadya phulali?"

Mofati anagwedeza mutu movomera.

"Kuyambira liti?"

"Chionereni inu mukudya," anatero Mofati, mawu atabwerera.

Lingisoni anafuna kuseka, koma chisoni chinamulaka. Esinta anatola makhadi pansi limodzilimodzi, ena anthu akumupatsira, anatsina kaphula kochepa pa chimene chinatuluka mkamwa mwa Mofati, nakamata kumsana kwa khadi lake poyera, aliyense akuona. Anamanga paketi ndi kamphira ka kutsitsi kwake n'kuponya. Dzina la Esinta linatsala kudenga.

"Iwe unadziwa bwanji?" anafunsa Mofati ali pansi pomwepo.

"Ndinawafunsa a Lingisoni tsiku lomwe lija mugolosale. Anandionetsa ndisanamalize n'komwe kumwa fanta." Anapukuta chala pachitenje. "Ndinkadikira kuti mundifunse ngakhale ineyo, a Mofati. Ndikanakuuzani, ndipo ndikanakulolani. Koma mwamuna wotere tikadzasochera naye panjira tidzakatulukira ku Mozambiki. Yankho langa ndi limenelo."

Anamutengera kuchipatala pa kabaza atakhala chammbali. Anachira, koma Esinta anakwatiwa ndi mphunzitsi wina wa kutsidya, munthu wofunsa ngakhale mtengo wa chinthu cholembedwa kale. Khadi lija linakhala kudenga la holo zaka zambiri, chifukwa phula la a Chadzunda linali labwino.

Mofati anapitiriza kumeta, ndipo dzina lake lenileni linaiwalika. Mlendo akafika pamsika n'kufunsa kuti wometa uja amene amayamba wafunsa katatu asanagwire lumo ndi ndani, anthu ankayankha kuti, "Ameneyo ndi Safunsa. Safunsa anadya phula."