Tsiku limene ndinasandutsa amalume mvuu

Mpaka lero ndikafika pa depoti ya Liwonde ndimatsitsa chipewa kumaso, ndipo mlandu wake ndi wa sukulu.

Ndinali chaka choyamba ku koleji, kuphunzira zokonza zithunzi ndi zolemba pa kompyuta. Aphunzitsi athu anali ndi mulungu wawo wamng'ono wotchedwa giridi. Imeneyi ndi mizere yosaoneka imene umagawira tsamba, ina yotsika ina yopingasa, kuti chilichonse chikhale pamalo pake ngati mapando a chimanga. "Chinthu chikachoka pamzere, chachita chigololo," ankatero. Ine ndinabatizidwa tsiku lomwelo.

Nditabwera ku holide ku Balaka ndinali wosapiririka. Ndinkaima pa chikwangwani cha ometa n'kumapukusa mutu poona zilembo zoyamba zonenepa, zomaliza zopanikizana ngati anthu a mpando wakumbuyo wa minibasi. (Wometa wina anandifunsa ngati ndikudwala khosi.)

Amene ankandisunga ndi amalume anga, Che Jafali, mwini minibasi imodzi yoyenda pakati pa Liwonde ndi Balaka. Sukulu yangayo ankaiona ngati masewera.

"Zaka zonsezi kuphunzira kulemba A? Ku sitandade wani unkatani?"

"Si kulemba chabe amalume, ndi kusanja."

"Chabwino, sanja minibasi yangayi. Ikakongola ubwerera kusukulu. Ikanyansa, kondakitala wanga wathawa, malo alipo."

Sankaseka. Ine ndi mawu anga ngati a mwana wa mbuzi, kuitanira anthu pamsewu? Iyayi. Ndinalumbira kuti ndiwaonetsa.

Iwo ankafuna malawi a moto, mkango, mitundu yonse ya utawaleza ndi nkhope yawo. Ndinakana zonse kupatula nkhopeyo, chifukwa pamenepo anandiyang'ana moti ndinaona ukondakitala ukundikodola. Ndinajambula minibasiyo mbali ya kumanzere, n'kuigawa ndi giridi yanga. Pamwamba dzina lawo m'zilembo zoonda, zaulemu, zopuma bwino. Pachitseko cha okwera, mutu wa amalume atavala kofiya, akumwetulira, akuyang'ana kutsogolo. Kumbuyo kwa chitseko, mvuu yonenepa ya mu Shire, poti minibasiyo imafika ku Liwonde. Mutu wa amalume ndi mutu wa mvuu ndinaipatsa msinkhu umodzi, pamzere umodzi. Ndinayeza, n'kuyezanso, mpaka ndinadzichitira nsanje.

Chimene sindinachiganize n'chakuti pa kompyuta chitseko sichitseguka.

Tinamata zithunzizo Lachinayi minibasi ili chotseka, ndipo m'mawa mwake tinapita nayo ku depoti ya Liwonde. Amalume anavala mkanjo woyera wa Lachisanu, mafuta onunkhira mpaka ntchentche kusokonezeka. Anthu anasonkhana. Madalaivala anzawo ankazungulira akuimba mluzu.

"Koma Che Jafali, iyi ndiye ya ku Joni!"

Amalume anandigwira paphewa. "Mphwanga uyu. Wa ku koleji." Aka kanali koyamba kutchula kolejiyo osapotoza mlomo, ndipo mtima wanga unachita kuvina.

Kenaka woitanira wina anagwira chitseko. "Balaka! Balaka yonyamuka!" Gwaa, anachikokera kumbuyo.

Abale inu, chitseko cha minibasi chimatsetserekera kumbuyo, aliyense amadziwa, ngakhale nkhuku zimene zimakwera. Chinapita n'kukaphimba mutu wa mvuu. Pamalo pa mutuwo panakhala mutu wa amalume, kofiya ali pamutu, akumwetulira, kumbuyo kwawo msana wonenepa, matako ngati mitolo iwiri ya thonje, ndi kamchira.

Depoti yonse inatembenukira ku chitsekocho. Woyamba kuphulika ndi kuseka anali mayi wina wogulitsa milamba youma, amene anatula dengu n'kukhala pansi.

"Mayo ine nthiti zanga! Tsekaninso tione!"

Woitanira uja, mwana wopanda chisoni, anatseka. Munthu. Anatsegula. Mvuu. Anatseka. Munthu. Anthu anayamba kuwerengera limodzi ngati kwaya. Amalume anali ataima chofulatira, akulandirabe ulemu, akuganiza kuti anthu akusangalala ndi luso la mphwawo. Anafika mpaka pokweza dzanja.

"Amalume, tiyeni tizipita," ndinanong'ona.

"Tipite kuti? Taona anthu akondwa."

Atatembenuka, chitseko chinali chotsegula. Anayang'ana nthawi yaitali. Anavula magalasi, kuwapukuta ndi mkanjo, kuvalanso. Mvuu inali ikumwetulirabe.

"Iwe," anatero motsitsa, "ameneyu ndi ndani?"

"Ndi giridi, amalume."

"Giridi ali ndi kofiya yanga?"

Ndinayesa kufotokoza kuti chikatsekedwa zonse zili bwino. Dalaivala wawo, a Tebulo, anandidula akupukuta misozi. "Mwana iwe, unaionapo minibasi yotseka chitseko? Chimatsekedwa tikaona apolisi basi."

Tsiku limenelo minibasi inadzaza msanga kuposa zonse. Anthu ankakana kukwera zina, ati tidikira ya Che Mvuu. Pofika madzulo dzinalo linali litafika ku Balaka ife tisanafike, ndipo ngakhale azakhali, akazi awo, linawapulumuka pakamwa popereka madzi osamba. Amalume anayesa kumatula mvuuyo ndi mpeni, koma inkachoka ndi penti yemwe, ndiye anaisiya.

Kunyumba sanandiyankhule mpaka Lamulungu. Ine ndinali nditayamba kale kuyeserera kuseri kwa bafa, "Liwonde! Liwonde mmodzi!", mawu akuthyoka pakati, ndipo ndinkalira ndithu, chifukwa sukulu ija ndinkaikonda. Kenaka anandiitana pakhonde.

"Longedza. Mawa ukubwerera ku koleji."

"Ndiye kuti mwaikonda, amalume?"

"Ndaikonda? Walayi, ndikanakhala ndi mfuti! Koma ndaganiza. Ukakhala kondakitala, wotsegula chitseko chija tsiku lonse ukhala iweyo. Undisandutse mvuu pa siteji iliyonse, ine n'kumakudyetsa? Pita kutali. Ukamalize, uzikawononga anthu ena."

Ndinapita, ndipo ndinamaliza. Masiku ano munthu akandipatsa ntchito, ndimayamba ndafunsa ngati chinthucho chimatseguka, chimapindika kapena chimatsetsereka. Koma pepani amalume, chilungamo ndinene: khosi lanu linakumana ndi msana wa mvuu ija ndendende, osaphonya ngakhale pang'ono, ndipo mpaka lero sindinasanjepo chinthu molondola chotero.